Maule ali ndi zikho zodzaza kabati, koma nyumba alibe

Ndinali mu Sitandade 4 pamene bambo anga ananditenga koyamba kukaonera timu ya mpira ya Bullets, imene timaitchanso Maule. Tinayenda wapansi kuchokera ku Ndirande, iwo atapanira kawailesi kukhwapa, ine ndikuthamanga pang'onopang'ono kuti ndisatsalire. Nthawi imeneyo bwalo la Kamuzu Stadium linkatchedwa Chichiri Stadium. Chimene sindiiwala ndi pamene tinamaliza kukwera masitepe, n'kuona bwalo lonse lili pansi pathu, anthu ali yakaliyakali mbali zonse, ofiira okhaokha. Simenti inali itatentha ndi dzuwa moti bambo anang'amba katoni pakati, theka lawo theka langa. Mpira unayamba, iwo wailesi ili kukhutu, kumvera woulutsa akufotokoza zomwe maso awo akuona kale. Fischer Kondowe akagwira mpira kumphepete, anthu onse ankadzuka nthawi imodzi, ine osaonanso kanthu koma misana ya akuluakulu, mpaka bambo anandinyamula paphewa.

Ndayamba ndi zimenezi kuti wina asaganize kuti ndikunyoza Kamuzu Stadium. Bwalo limene lija ndimalikonda ngati mudzi wa kwathu. Koma a Maule anzanga, tiyeni tinene zoona: si lathu. Ndi la boma. Timu yathu inabadwa mu 1967, ndipo zaka zonsezi yakhala ikuchita lendi.

Bwaloli ndi lakale kuposa timu yathu. Linamangidwa nthawi ya atsamunda ndipo linkadziwika ndi dzina la Rangeley, mzungu amene anali mkulu m'boma la nthawiyo. Ndi pomwepa pamene mbendera ya Britain inatsitsidwa, yathu n'kukwera, usiku wolowera pa 6 July 1964. Kenako linakhala Kamuzu Stadium, ndipo amayi athu ambiri anavinapo atavala nsalu za chipani pa zikondwerero za ufulu. Matipate atabwera, dzina la Kamuzu linachotsedwa, likhala Chichiri. A Bingu wa Mutharika atalowa m'boma mu 2004 analibwezera dzina lakale. Apulezidenti alumbirirapo, mipingo yapemphererapo, a Flames asewererapo. Ndi bwalo la fuko lonse, ndipo dzina lake limasintha malinga ndi amene ali pampando.

Mukaona bwino, mbiri ya timu yathu yayendanso chimodzimodzi. Anyamata amene anachoka ku Wanderers, Manoma aja, n'kuyambitsa timu yawoyawo ndi amene anabzala mbewu imeneyi, n'chifukwa chake Maule ndi Manoma akakumana zimakhala ngati ana a mimba imodzi akulimbirana munda. Kampani ya nsapato itabwera tinakhala Bata Bullets, ndipo dzina limenelo akuluakulu ambiri sanalisiye mpaka lero. Ndi nthawi ya Kinnah Phiri imeneyo, munthu amene anagoletsera Flames zigoli 71. Super League itayamba mu 1986, oyamba kuitenga tinali ife. Bata itachoka tinakhala Total Big Bullets, kenako Bakili Bullets, kenako Big Bullets basi opanda wotithandiza, kenako Nyasa Big Bullets, lero kutsogolo kwawonjezeka FCB. Aliyense wobwera ndi ndalama amalemba dzina lake pa jezi, nthawi yake ikatha amanyamuka. Sindikuwadandaula ayi, anatithandiza, ndipo popanda iwo mwina timu ikanafa. Funso langa ndi lakuti, m'zaka zonse zimene ndalama zinalipo, chinatsala n'chiyani chimene tingachiloze ndi chala n'kunena kuti ichi n'cha Bullets mpaka kalekale?

Taganizirani za 2004. Amene munalipo mukukumbukira. Kinnah Phiri anali mphunzitsi, Peter Mponda akutseka kumbuyo, timu itatenga ligi zaka zotsatizana kuyambira 1999. Tinatulutsa Orlando Pirates ya ku South Africa, n'kulowa m'magulu a CAF Champions League, mpikisano wa matimu akatswiri a mu Africa, kumene tinakumana ndi Enyimba ya ku Nigeria, Etoile du Sahel ya ku Tunisia ndi Africa Sports ya ku Ivory Coast. Enyimba yomweyo ndi imene inatenga chikho chaka chimenecho, ndipo inabwera kudzasewera pa Chichiri pomwepa. Tinkayenda mapewa ali m'mwamba. Koma mphamvu zonsezo zinali m'thumba la munthu mmodzi. Thumbalo litatsekeka, timu inagwa chagada. Titatenga ligi ya 2005, tinadikira mpaka 2014 kuti tiyionenso. Zaka zimenezo osewera abwino ankapita kwina, otsala akusewerera chikondi, masapota akusonkherana kuti timu ikwere basi. Tikanakhala ndi bwalo lathu, ngakhale laling'ono, bwenzi pali pogwira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo, ndipo ife tinatsala ndi wapachala.

Ena amati, vuto lili pati poti timasewera ndithu ndipo timapambana? N'zoona, timapambana. Kalisto Pasuwa anatenga ligi kasanu motsatizana, ndipo mu 2023 anasesa zonse: ligi, FDH Bank Cup, Airtel Top 8 ndi Castel Challenge Cup. Koma lendi ili ndi mtengo wake umene suoneka pa tebulo la ligi. Pa ndalama za pachipata, mwini bwalo amatengapo gawo lake masewero alionse, ndipo anthu amene amadzaza bwalo lija ndi athu. Mayi wogulitsa nzimbe, mnyamata wa chimanga chootcha, malo oimika magalimoto, zikwangwani za makampani, zonsezo ndi chuma chimene chimabwera chifukwa cha jezi yofiira, koma timu siingachikonze mmene ikufunira chifukwa pakhomo si pake. Tsiku limene bwalo lafunika pa mwambo wa boma, mpira umapatuka. Ndipo kunena kuti tili pakhomo pamene Manoma nawonso akunena kuti ali pakhomo pa bwalo lomwelo, ndi mawu chabe olembedwa pa ndandanda wa masewero.

Chaka cha 2017 chinatiphunzitsa zambiri. Bwalo litatsekedwa kuti akonze kapinga wochita kupanga uja, timu yaikulu kwambiri m'dziko muno inasanduka yoyendayenda, lero ku Chilomoni, mawa ku Nchalo. Ndinapitako ku Nchalo ulendo wina, kutsika Thabwa pa minibasi, kutentha kwa ku Chigwa cha Shire kukuwotcha ngati uli pafupi ndi ng'anjo. Tinaimba, tinachemerera, anthu a kumeneko anatilandira bwino kwambiri. Koma pobwerera usiku, mkulu wina amene ndinakhala naye mpando umodzi anawerenga ndalama zotsala m'thumba mwake kawiri, n'kupukusa mutu. Sanapitenso masewero otsatira. Anthu ngati ameneyo ndi amene amapanga Bullets kukhala timu ya anthu, ndipo ndi amene amayamba kutsala pakhomo timu ikakhala yopanda malo.

Za CAF, bungwe loyendetsa mpira mu Africa, ndiye zimandipweteka kwambiri. Kamuzu Stadium yakalamba, mbali zina anazitchinga kalekale chifukwa zinafooka, ndipo siikwanira pa zimene CAF imafuna. Choncho Simba ya ku Tanzania itabwera mu 2022, ndi TP Mazembe ya ku DR Congo mu 2023, masewero athu a pakhomo anachitikira ku Bingu National Stadium ku Lilongwe, makilomita opitirira 300 kuchokera ku Ndirande. Ku Lilongwe Maule aliko ambiri, sindikukana, ndipo bwalo lija ndi lokongola. Koma mnyamata wa ku Bangwe kapena ku Mbayani amene wachemerera timu chaka chonse, mvula ndi dzuwa, tsiku lalikulu likafika amamvera pa wailesi chifukwa ya basi alibe.

Mazembe yomweyo imene inatichotsa ili ndi bwalo lake ku Kamalondo, mumzinda wa Lubumbashi, limene linatsegulidwa mu 2012. Si lalikulu ngati la Bingu, koma timu zikuluzikulu za mu Africa zimapitako mtima uli m'mwamba chifukwa anthu amakhala pafupi ndi mzere, phokoso lili m'khutu. Azam ya ku Tanzania ndi timu ya dzulodzuloli poyerekeza ndi ife, koma ili ndi malo ake ku Chamazi. Tisapitenso kutali. Silver Strikers ali ndi Silver Stadium ku Area 47. Mukhoza kunena kuti kumbuyo kwawo kuli banki yaikulu, inde, koma mfundo ndi yakuti munthu wina anaganiza zoika ndalama mu njerwa, osati mu malipiro okha.

Ndikudziwa kuti wina andiuza za Zingwangwa. Mu 2019 a Peter Mutharika analonjeza kumangira Bullets ndi Wanderers mabwalo, ndipo ntchito inayambadi, lathu ku Zingwangwako. Ineyo ndinasangalala, sindibisa. Panali mkangano waukulu ngati n'koyenera kuti misonkho ya anthu imangire matimu amene ali ndi eni ake, ndipo ofunsa funso limenelo sanali olakwa, pajatu zipatala zathu zikusowa mankhwala. Ntchito ija yakhala ikuyenda n'kuima, kuyenda n'kuima, ndipo mpaka pano sitinaonerepo masewero a ligi ngakhale amodzi. Likadzatha ndidzakhala m'gulu la oyamba kulowa. Koma mtima wanga sukhazikika ndi nyumba imene tsogolo lake limadalira bajeti ya boma ndi zotsatira za chisankho. Tazionapo kale ndi dzina la bwalo la ku Chichiri, tazionanso ndi 2004.

Maganizo anga ndi awa. Eni timu, amene ndikuwayamikira chifukwa anabweretsa dongosolo, malipiro okhazikika ndi timu za achinyamata zimene zikutulutsa osewera, aike nkhani ya bwalo patsogolo pa zonse, ndipo atiuze poyera pamene zinthu zili. Ngati la ku Zingwangwa lidzakhale m'manja mwa timu, zilembedwe, tizidziwe, ndipo timu iikepo ndalama zake kuti lithe. Ngati silidzakhala lathu, tipeze malo, tiyambe pang'ono. Sitikufuna chinthu cha anthu 40,000. Mpanda wolimba, kapinga wabwino, zipinda zosinthira zaukhondo, zimbudzi zimene mayi angalowemo ndi mwana wake, magetsi oti tizisewera madzulo anthu ataweruka, ndi mbali imodzi yokhala ndi denga. Zinazo zizibwera chaka ndi chaka monga mmene tonsefe timamangira nyumba zathu m'makwalalamu, lero maziko, chaka chamawa malata.

Ndipo ife masapota tisamangoloza chala. Timadzitama kuti ndife ochuluka kuposa wina aliyense, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, kuphatikizapo abale athu amene ali ku Joni. Nanga kuchulukako kumaoneka pati kupatula pa Facebook? Ambiri a ife timafuna kulowa ulere, timagula jezi yachinyengo pamsika, kenako n'kumakalipa kuti timu sikugula osewera. Patakhala thumba la bwalo loyendetsedwa moonekera, lowerengedwa ndi akatswiri a zachuma, lipoti lake likutuluka mwezi ndi mwezi, lolipira pa foni, ine ndikhoza kumaponyamo mtengo wa thumba la simenti nthawi ndi nthawi, ndipo ndikudziwa kuti sindili ndekha. Chimene chimatibweza m'mbuyo ndi mantha akuti ndalama zilowera kwina, n'chifukwa chake ndikulimbikira za kuonekera poyera.

Ndikufuna khoma limene padzalembedwe mayina a Kinnah Phiri, Lawrence Waya, Patrick Mabedi, Peter Mponda, Fischer Kondowe, Gabadinho Mhango ndi ena onse, pamodzi ndi anyamata a 1967 aja amene ambiri a ife sitidziwa n'komwe nkhope zawo. Pa Kamuzu Stadium sitingakhome chithunzi chawo n'kuchisiya, chifukwa mawa pakubwera ena.

Bambo anga pano miyendo inafooka, masitepe aja sangakwerenso. Loweruka amakhala pakhonde ndi wailesi, ndipo mpira ukatha amandiimbira foni kundifunsa ngati anthu anadzaza ku Biafra, mbali ina ya Kamuzu Stadium yokhala masapota. Mwezi watha nditawayendera anandifunsa ngati ku Zingwangwa kudzakhale polowera anthu oyenda ndi ndodo. Ndinawauza kuti ndikafunsa.