Khomo la ligi ku Scotland ndi lopapatiza kuposa la ku England

Ku England, timu ikatenga chikho cha National League, lomwe ndi gawo lachisanu la mpira wa kumeneko, imakwera basi kulowa mu League Two popanda zina. Zakhala choncho kuyambira 1987 (kupatula mu 1994, 1995 ndi 1996, pomwe akatswiri anakanizidwa chifukwa cha mabwalo awo), ndipo kuchokera mu 2003 amakwera ndi matimu awiri. Luton Town inachoka m'gawo limeneli mu 2014, pofika 2023 inali ikusewera mu Premier League.

Anansi awo a ku Scotland amachita mosiyana, ndipo ine sizindisangalatsa. Matimu 42 a SPFL, yomwe ndi ligi ya magawo anayi apamwamba a mpira wa kumeneko, anakhala zaka zambiri atadzitsekera m'nyumba. East Stirlingshire inathera pansi penipeni zaka zisanu zotsatizana, kuyambira 2003 mpaka 2007, koma palibe anaithamangitsa. Khomo linatsegulidwa mu 2015, komatu pang'ono chabe. Akatswiri a Highland League amayamba alimbana ndi akatswiri a Lowland League (maligi a m'gawo lachisanu) kwawo ndi koyenda, kenako wopambanayo amakumana ndi timu yomwe yathera kumchira kwa League Two ya ku Scotland, gawo lotsika kwambiri la SPFL, kawirinso. Ndiye kuti timu yomwe yakhala ikugonja chaka chonse imapatsidwa mwayi wodzipulumutsa, pomwe akatswiri awiri akukanganirana malo amodzi omwe mwina sawapeza n'komwe. Mu 2024 Buckie Thistle inatenga Highland League koma sinaloledwe kusewera ndime yachipululayi chifukwa inalibe laisensi yoyenera.

Ena anadutsabe: Edinburgh City mu 2016 (yomwe inagwetsa East Stirlingshire yomwe ija), Cove Rangers mu 2019, Kelty Hearts mu 2021. Koma wogwa savuuka msanga. Pofika 2025, pa matimu onse omwe anatsika panalibe ndi imodzi yomwe imene inabwerera. Brechin City inayesa mu 2023, itatenga Highland League, n'kukagonja pa mapenate ndi The Spartans.

Tisawaweruze mopyola muyeso, pakuti dziko la anthu pafupifupi 5.5 miliyoni silingadyetse matimu ochuluka ngati England. Matimu ambiri a mu National League amalipira osewera ngati ntchito yawo yeniyeni. Ku Scotland, ngakhale mu League One ndi League Two, osewera ambiri amagwira ntchito zina masana n'kumachita zokonzekera madzulo. Timu ya Wick Academy, kumpoto kwenikweni, imatha maola ambiri pa basi kuti ikasewere mphindi 90.

Komabe anyamata amenewa mpira amautha. Brora Rangers ya mu Highland League inatulutsa Hearts mu Scottish Cup ndi zigoli 2 kwa 1 mu 2021. Mu Januwale 2023, Darvel, ya m'gawo lachisanu ndi chimodzi, inakwapula Aberdeen 1 kwa 0. Ngati matimu otere akutha kuchititsa manyazi akuluakulu, a SPFL angapereke chifukwa chanji chowakanizira kukwera akatenga ligi yawo?