Tisanagende galimoto ya ozimitsa moto, tikambirane kaye

Abale anga nkhani iyi yandikhala pakhosi nthawi yayitali ndiye lero ndingoyilavula basi, amene akwiye akwiye. Msika ukangopsa kapena nyumba ikayaka mtauni muno makomenti amakhala omwe aja, akuti afika phulusa litazizira kale, akuti abwera opanda madzi, akuti anthu amenewa amangodya ndalama zathu uku akusewera bawo pasiteshoni. Ena mpaka kutola miyala kugenda galimoto yomwe yabwera kudzathandiza, galimoto yomweyo imene mawa ikufunika kukazimitsa moto kwa amalume awo. Kukwiya kwake ndikukumvetsa, munthu katundu wako yense akupsa ukuona sungaseke ayi. Koma mkwiyowu tikuuponyera munthu wolakwika.

Choyamba ambirife sitidziwa n'komwe kuti anthuwa bwana wawo ndani. Si apolisi, si asilikali. Ali pansi pa makhonsolo a mizinda, Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Ku Chileka ndi ku Kamuzu International Airport kuli awoawo koma amenewo diso lawo lili pa ndege. Ndiye kuti dizilo wa galimoto ija, matayala, batire, mapaipi, nsapato ndi zipewa za anyamatawo zonse zimachokera mthumba limodzi ndi ndalama zotolera zinyalala, zokonzera misewu ndi zimbudzi za mumsika. Thumba lake ndi lija la misonkho ya kukhonsolo yomwe eni nyumba ndi makampani ambiri amaizemba zaka ndi zaka mpaka khonsolo kuyamba kutseka mashopu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mzinda wa Lilongwe uli ndi anthu 989,318, Blantyre 800,264, Mzuzu 221,272 ndipo Zomba 105,013, ndipo panopa achuluka kuposa pamenepo. Tsono funsani kuti galimoto zozimitsa moto zomwe zikuyenda bwinobwino lero mu mzinda mwanumo zilipo zingati, yankho lake mudzaseka koma si zoseketsa. Zina mwa zomwe timaziona mumsewuzi ndi zamphatso, dziko la Japan lakhala likutipatsa, zikomo kwambiri, koma galimoto yamphatso ikafa pampu sipeya wake sumupeza kwa makaniko wa pansi pa mtengo.

Nanga za madzi zija. Anthu amaganiza ngati galimoto ija yanyamula nyanja ya Malawi. Thanki yake imalowa malita masauzande ochepa chabe ndipo paipi imodzi ikatseguka mwamphamvu imalavula malita mazanamazana pa mphindi imodzi, werengani nokha, mphindi zochepa madzi atha. Madzi a mthankiwo ndi oyambira chabe, ntchito yeniyeni imadalira mipope ikuluikulu ija ya m'mbali mwa msewu yomwe amalumikizako paipi yawo. Tsono mipope imeneyo ili kuti? Ina inakwiriridwa pomanga msewu, ina wina anamangapo okala, ina anthu anazula zitsulo kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, ndipo ina ilipo koma ndi youma chifukwa tsiku limenelo dera lonse madzi kulibe. Ku Blantyre madzi ambiri amachita kupopedwa kuchokera ku Walker's Ferry mu Shire kukwera mtunda wonse uja, magetsi akavuta mapampu nawo amavuta. Ndiye galimoto ikachoka pamoto kukasaka madzi ife timakuwa kuti athawa, eti athawa, pomwe munthu wapita kukatunga kutali kuti abwerenso.

Kufika mochedwa nako tiyeni tinene zoona. Moto ukayamba woyamba kuthamanga ndi wojambula vidiyo, wachiwiri ndi wakuba, woimba foni amabwera pambuyo aliyense akuganiza kuti mnzake waimba kale. Akaimba nayenso malongosoledwe ake ndi aja akuti mubwere kuseri kwa chigayo, mukapitirira pa mtengo wa mango mukhotere kumanzere pomwe pamakhala amayi ogulitsa mandasi, usiku wa 2 koloko amayi a mandasiwo ali mtulo kwawo. Kenako msewu. Yesani kuchoka pakati pa Lilongwe kupita ku Area 25 kapena Area 36 nthawi yoweruka, kapena kudutsa pa Chipembere Highway madzulo, sayilini ikulira koma wa minibasi waima pakati pa msewu kukweza pasenja mmodzi, akabaza ali mbali zonse, ndipo pali madalaivala ena anzeru zachabe amene amathamangira kumbuyo kwa galimoto ya moto kuti nawo adutse msanga. Ikafika ku Ndirande, Mbayani, Mtandire, Kauma, Chinsapo kapena Mchengautuba, njira yatha. Tinamanga mipanda mpaka mumsewu, tinasiya kanjira koti wilibala yokha ndiye idutse. Galimoto ya matani angapo iuluke?

Za bawo zija nazo zimandiseketsa. Inde amakhala pansi kudikira, ntchito yake ndi yotero, mukufuna aziyatsa okha moto kuti azioneka otanganidwa? Koma amene anakhalapo pafupi ndi siteshoni akudziwa kuti tsiku lawo siliyamba ndi bawo. Shifiti ikasinthana pamakhala perete, kenako kuliza injini, kuyesa pampu, kuona madzi mthanki ndi mafuta, kuyala mapaipi kuti aume chifukwa ukawapinda anyowa amawola, kuwapindanso mwa dongosolo kuti pamoto asakakodane, kuyeserera kukweza makwerero ndi kunyamula munthu wokomoka. Nsima ikhoza kukhala pamoto belu n'kulira, imatsala pompo. Khirisimasi ife tili ku nyanja iwo ali pa ntchito, usiku wa chaka chatsopano pomwe ana akuphulitsa makombola ndi kuotcha matayala pamsewu ndiye usiku womwe sagona n'komwe.

Ndipo si moto wokha. Ngozi ya pamsewu munthu akapanikizika ndi zitsulo amaitanidwa ndi omwewa kudzadula galimoto. Mwana akagwera mchitsime, munthu akamira mu mtsinje nthawi ya dzinja, khoma likagwera anthu, ndi omwewa. Amanyamula mitembo yomwe achibale enieni akulephera kuyiyang'ana, kenako abwerere kunyumba akadye ndi ana ngati palibe chachitika, palibe amene amawafunsa kuti mutu uli bwanji. Malipiro ake ndi a wantchito wa khonsolo, sindikufuna kunena zambiri.

Koma mfundo yanga yeniyeni ndi iyi, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna a khonsolo ndi ozimitsa motowo andimvetsere. Mu mzinda wa galimoto zowerengeka ndi mipope youma, moto waukulu sitingaugonjetse ndi paipi, tiziugonjetsa usanayambe. Ntchito yawo yofunika kwambiri si ija ya sayilini ayi, ndi ija yosaoneka, yoyenda m'masukulu, m'misika, m'matchalitchi ndi m'mizikiti kuphunzitsa anthu. Chifukwa zoyambitsa moto kwathu kuno ndi zomwezomwezo chaka ndi chaka. Magetsi azima, mayi wayatsa kandulo wayika pa mpando wapulasitiki pafupi ndi neti ya udzudzu, watseka ana mnyumba wapita kukagula tomato. Magetsi azima wina ali pakati posita kapena pophika, waiwala kuzimitsa, magetsi abwera 11 koloko usiku onse ali mtulo. Mafuta akasowa timasunga petulo m'zigubu kuchipinda chogona, pafupi ndi mbaula. Mawaya olumikiza mwakuba nyumba zisanu pa mita imodzi, mawaya ake opyapyala a mtengo wotsika. Mwezi wa Okutobala udzu uli gwaa wina akuotcha zinyalala kumphepo, ana akuotcha tchire kusaka mbewa kuseri kwa mpanda wa udzu. Panopa kwabweranso gasi, zabwino ndithu mitengo ipumeko, koma ndi angati anauzidwa kuti ukamva fungo la gasi usayatse machesi ngakhale swichi ya getsi, utseke silinda ndi kutsegula mawindo?

Zinthu zina ndi zazing'ono moti munthu angakuphunzitse mphindi khumi koma zimapulumutsa moyo. Mafuta ophikira akayaka mpoto kapena pachiwaya osathira madzi, madzi amachititsa moto kudumpha mpaka kudenga, ungovundikira ndi chivundikiro moto usowe mpweya. Moto wa magetsi uyambe wathimitsa pa meni swichi. Wa petulo umafuna mchenga. Mnyumba mukadzaza utsi ukwawe chifukwa mpweya wabwino umatsalira pansi, ndipo anthu ambiri ofera m'moto amaphedwa ndi utsi malawi asanawafike. Zovala zikagwira moto osathamanga, ugone pansi ugubuduzike. Munthu akapsa muthireni madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, osati dzira, osati mankhwala otsukira mano, osati mafuta ophikira kapena dothi monga timachitira. Ndipo mu Juni ndi Julayi kukazizira tisamagone ndi mbaula mnyumba yotseka, mpweya wa makala ulibe fungo, umangokugonetsa osadzukanso, mabanja athunthu apita choncho. Ndiuzeni, izi munaziphunzira kuti? Ambirife palibe anatiuzapo, timangomva pamaliro.

Mabagalabazi nawo, mxii. Tawotcherera zitsulo mawindo onse, chitseko cha kutsogolo maloko atatu, cha kumbuyo tinachikhomerera, kiyi ali mchikwama cha bambo omwe ali ku bala. Akuba tawatsekera kunja inde koma tadzitsekeranso tokha mkati. Windo limodzi lokha la kuchipinda likhale ndi chitsulo chotseguka, kiyi wake apachikidwe pomwe mwana wa sitandade 3 angafikire. Zomwezi ku mahositelo a sukulu zogonera konko komwe ana amatsekeredwa mkati loko ali kunja usiku kuti asathawe, amene ali ndi mwana ku boding'i afunse funso limeneli pa miting'i ya makolo.

Kumbukirani za ku Caphiridzange m'chigawo cha Tete ku Mozambique mu Novembala 2016, thanki ya mafuta yomwe imabwera kuno ku Malawi inaphulika anthu atayizungulira ndi zigubu, anthu oposa 70 anafa, ambiri ena anapsa koopsa. Pafupi pompa, anthu olankhula ngati ife. Koma lero thanki itagwa pa M1 mukuganiza kuti anthu athawa? Athamangira komweko ndi mabeseni. Pamenepo ngakhale mutabweretsa galimoto khumi za moto palibe chomwe zingachite, chofunika ndi munthu amene anafika pa sukulu ya mderalo chaka chatha n'kuwauza ana kuti nthunzi ya petulo imayaka ndi kamoto kakang'ono ngati ka machesi.

Misika yathu ndiye yapsa kangati, ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu, ndipo ikapsa timamanganso chimodzimodzi, matabwa, mapepala apulasitiki, mabelo a kaunjika mbali iyi wa chipisi mbali iyo, tinjira tonse todzaza mabenchi. Andale amabwera ndi malata ndi makamera, mavenda amalira ngongole za banki nkhonde ndi katapila poti inshulansi palibe, pakatha chaka tabwereranso pomwepo. Ndipo musaganize kuti ndi za amphawi okha, ESCOM House pakati pa Blantyre inapsa mu 2013, nyumba yosungiramo katundu ya MEC ku Lilongwe inapsa mu 2014 mavoti ali momwemo. Maofesi angati ali ndi mabotolo ofiira aja ozimitsira moto opachikidwa pakhoma omwe tsiku lake linatha kalekale, ndipo mlonda, yemwe ndi munthu yekhayo amakhalapo usiku, sanaphunzitsidwepo kuchotsa kapini kake?

Tsono ozimitsa moto nanunso sindikusiyani osakudzudzulani. Mumabisala kwambiri akuluakulu. Timakuonani pokhapokha zinthu zitavuta kapena pa perete wa tsiku la chikondwerero. Nambala yanu bwanji simuyilemba pa geti ya msika uliwonse, pa sukulu iliyonse, kumbuyo kwa risiti ya chiphaso cha mumsika chomwe venda amadula tsiku ndi tsiku? Ndipo ikhale nambala yoti ikaimbidwa wina ayankhe. Mawayilesi a m'madera alipo mbwee, mphindi 15 pa sabata simungazipeze? Mafumu a mtauni ndi mabulokulida amaitanitsa misonkhano ya chitetezo, pitaniko, tengani galimoto ana aikwere aigwire, mwana amene anavalapo chipewa chanu sadzakugendani akakula. Komiti ya msika uliwonse ikhale ndi anyamata ndi amayi angapo omwe mwawaphunzitsa, migolo ya mchenga ndi madzi ili poyera. Ndipo mukapita kukayendera nyumba yamalonda, holo kapena malo ogona alendo, yenderanidi, khomo lothawira likakhala lotseka ndi makatoni nenani kuti lotseka, osangosayina pepala chifukwa mwini wake wakugwirani chanza cholemera.

Makhansala athu nawonso tiziwapanikiza ndi mafunso oti sangazembe. Mu wodi muno mipope ya ozimitsa moto ilipo ingati ndipo yotulutsa madzi ndi ingati, munayiyesa liti limodzi ndi a Water Board? Mu bajeti ya chaka chino ndalama ya dizilo ndi zovala za anyamatawa ndi zingati poyerekeza ndi ya maalawansi a misonkhano ya ku nyanja? Mizinda ikukula kulowera ku Lumbadzi, ku Chileka, ku Mpemba, nanga masiteshoni ang'onoang'ono m'madera amenewa adzamangidwa liti? Amene muli m'magulupu a WhatsApp a m'dera limodzi ndi khansala wanu muponyereni mafunso amenewa lero, akayankha mubwere mutiuze m'makomentimu, ndikufuna ndione wodi yomwe iyankhe koyamba.