Ana athu alembe, koma osati pamsika

Mwana wa achemwali anga ali Fomu 2 pasukulu ina kuno ku Zomba. Analemba ndakatulo ya namondwe Freddy wa mu 2023, yokoma ndithu, n'kuiika pa Facebook pamodzi ndi chithunzi chake atavala yunifolomu, baji ya sukulu ikuoneka bwinobwino. Pasanathe masiku awiri, bambo wina wosamudziwa anali atamulembera kale: "Uli ndi luso iwe, tandipatsa nambala yako tizicheza." Achemwali analanda foni, kulembanso kunathera pomwepo.

Sindikuwadzudzula achemwali, inenso mtima unandiphulika. Koma chimene chinandiwawa n'chakuti mwanayu analibe pena poti n'kuonetsa zolemba zake. Kusukulu chimangirizo amalembera munthu mmodzi, mphunzitsi wa cholembera chofiira, cholinga n'kudzakhoza mayeso a MANEB basi. Mwana akadziwa kuti anzake a m'kalasi awerenga, amalemba mosiyana, amafufuta n'kuyambiranso popanda womuuza.

Maganizo anga ndi akuti sukulu zomwe zili ndi makompyuta mulaibulale zikonze malo olembera otsekedwa, olowamo ana a pasukulupo ndi aphunzitsi awo okha. Mwana akalemba, nkhaniyo iyambe yadikira aphunzitsi aione, kenako anzake awerenge. Mayankho a anzakenso azidutsa pomwepo, chifukwa ana pawokha amanyozana moopsa. Dzina la bambo ayi, chithunzi ayi, nambala ya foni ayi, zoti amakhala ku Chinamwali kapena ku Matawale ayi. Zimenezi sizilira ngakhale bandulo, makompyuta angolumikizana okhaokha m'chipinda momwemo.

Wina anena kuti malaibulale athu ambiri amakhala otseka, makiyi ali ndi aphunzitsi omwe ali ndi makalasi anayi. N'zoona. Ndiye poyambira ndi pomwepo: makomiti a makolo tifunse kuti laibulale imatsegulidwa masiku angati pa sabata, osamangokambirana ndalama za chitukuko.

Lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security limaletsa kuzunza anthu pa intaneti, ndipo nambala yaulere ya 116 yothandizira ana ilipo, YONECO yomwe imaiyendetsa ili konkuno. Koma zonsezi zimafika mwana atalira kale.

Dzulo ndinamupeza mwana wa achemwali uja akulemba mukope lachikuto chong'ambika. Nditapempha kuti ndiwerenge, anangolibisa kumbuyo n'kuti, "Amalume, izi n'zanga."