Alimi a vanila ku Madagascar

Zikomo alembi chifukwa cha nkhani yanu yofotokoza dziko la Madagascar, koma sindikugwirizana nanu pamene mwanena kuti umphawi wa anthu a kumeneko umabwera chifukwa cha nyengo yokha. N'zoona kuti anamondwe amakantha gombe la kum'mawa kawirikawiri, monga anachitira namondwe Enawo mu 2017, ndipo kum'mwera kwa chilumbachi chilala chimadzetsa njala. Komabe dzikoli ndi limene limalima vanila (mbewu yonunkhiritsa zakudya) wochuluka kuposa dziko lina lililonse, makamaka m'chigawo cha Sava kumpoto chakum'mawa. Duwa la vanila limatseguka tsiku limodzi lokha, choncho mlimi amalawirira m'mamawa kukaika mungu pa duwa lililonse ndi dzanja, pogwiritsa ntchito kamtengo kosongoka. Zipatso zikayamba kukhwima, alimi ambiri amagona kumunda poopa akuba, ndipo ena amadinda chizindikiro chawo pa chipatso chilichonse. Zimandiwawa mumtima kuti munthu wokhetsa thukuta chotere alibe msewu wabwino wopititsira mbewu yake kumsika, pamene phindu lalikulu limathera m'manja mwa mavenda ndi makampani akunja. Dzikoli linalandira ufulu wodzilamulira mu 1960, ndipo boma la ku Antananarivo, likulu la dzikoli, liyenera kuyankha chifukwa chimene misewu ya kumidzi idakali yotere.