AI siingalowe m'khola m'malo mwa mlangizi wa ziweto

Pali mantha akuti nzeru za makompyuta, zimene akuzitchula kuti AI, zilanda ntchito za anthu osamalira ziweto, ndipo mantha amenewa ali ndi pogwira. M'chaka cha 2013, Carl Frey ndi Michael Osborne a ku yunivesite ya Oxford anaunika ntchito 702 za ku America, ndipo anapeza kuti ya dokotala wa ziweto ndi yovuta kuti makina ailande, pamene ya anthu odyetsa nyama ndi kuyeretsa m'makola ili pachiopsezo chachikulu. Ku Netherlands, kampani ya Lely inayamba kugulitsa maloboti okama ng'ombe m'zaka za m'ma 1990, ndipo lero m'mafamu akuluakulu ng'ombe zimavala kachipangizo m'khosi kamene kamadziwitsa mwini famu ikasiya kubzikula.

Ine ndikuona kuti zimene makina angatenge ndi ntchito zobwerezabwereza, monga kukama, kuyeza chakudya ndi kusunga kaundula, makamaka kumene ng'ombe zili mazanamazana m'khola limodzi la simenti. Mlimi wa ku Thyolo amene ali ndi ng'ombe ziwiri zamkaka, amene amakama m'bandakucha n'kuthamangira ku bulking group, kumene alimi amasonkhanitsa mkaka wogulitsa, ndi chigubu panjinga, loboti yotere sangaigule, ndipo sakuifuna n'komwe.

Ntchito ya m'khola imafuna manja. Thole likapingasa m'mimba usiku, mlangizi amapinda malaya, n'kulowetsa mkono mpaka m'phewa kuti alitembenuze, uku akuuza anyamata mmene agwirire chingwe. Katemera wa chitopa wa I-2 amadonthezedwa m'diso la nkhuku imodziimodzi, ndipo pamafunika munthu woti akope agogo amene akuopa kuti nkhuku zawo ziwafera. Bungwe la Mission Rabies, limene lakhala likupereka katemera wa chiwewe kwa agalu ku Blantyre kuyambira 2015, limagwiritsa ntchito pulogalamu ya pafoni polemba agalu otemeredwa ndi madera amene afikako, komabe wogwira galu ndi kumubaya jakisoni ndi munthu. Umu ndi mmene ndikufunira kuti zipangizozi zizigwirira ntchito.

Nkhawa yanga ili pena. Alangizi a ziweto ndi ochepa kale m'dziko muno, moti mlimi amatha kudikira masiku ng'ombe ili gone, ndipo ndikuopa kuti akuluakulu okonza bajeti adzayamba kunena kuti foni yatha kale vutoli, kotero palibe chifukwa cholembera ena ntchito. Foni ikhoza kuuza mlimi wa ku Chikwawa kuti dovu ndi zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi zimene wajambulazo ndi matenda oopsa, koma siingatseke msika wa ng'ombe, siingatemere, ndipo siingakonze dibi logumuka. Achinyamata amene akumaliza maphunziro a ziweto ku Mikolongwe ndi ku Bunda alembedwe ntchito, apatsidwe njinga zamoto ndi mafuta ake, kenaka AI ibwere ngati chida chimodzi cha m'chikwama chawo.