Fayilo ya hosts musamaikhomere loko

Loweruka lapitali foni inalira 6 koloko m'mawa. Anali achimwene ena a ku Mangochi amene amatumiza katundu kumudzi kuchokera kuno ku Joni: mafiriji, mabelo a zovala, njinga. Akuti pulogalamu yolembera malisiti yafa, anthu ali pamzere ku Mayfair ndi zikwama zawo. Seva yawo ya pa cloud ndinawaikira ndine, ndiye kothawira kunalibe.

Nditalowamo ndinapeza kuti seva inazima n'kuyakanso usiku. Mzere umene ndinalemba ndi manja anga mu /etc/hosts (fayilo imene seva imasungamo mayina a makompyuta ndi ma IP awo, kutanthauza ma adiresi awo), wolozera dzina la database ku IP yake, kulibe, ndiye pulogalamu ija sikuipeza database. Fayilo yabwerera mmene inalili tsiku loyamba. Ndinalemba m'madzi basi.

Chochititsa manyazi n'chakuti pamwamba penipeni pa fayiloyo pali uthenga wochenjeza kuti zimene ulembe muno sizikhalitsa. Ndinaudumpha ngati mmene timadumphira zikwangwani za pa Park Station.

Wofufuta uja ndi cloud-init, pulogalamu imene Canonical anaiyambitsa pa Ubuntu ndipo masiku ano imabwera kale m'maseva ambiri a pa cloud. Imadzuka nthawi iliyonse seva ikayaka. Ikaona kuti setting yake ya manage_etc_hosts ili pa true, imataya /etc/hosts yanu n'kulemba ina kuchokera pa template yake, fayilo yokoperapo. Pa Ubuntu ndi Debian template imeneyo ndi /etc/cloud/templates/hosts.debian.tmpl, pa banja la Red Hat ndi hosts.redhat.tmpl.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga ena a ntchitoyi. Iwo amati ingomenya chattr +i, lamulo lokhomera loko, pa fayiloyo, palibe angaikhudzenso. N'zoona, zimatheka. Koma ine ndimakana. Pakatha miyezi isanu IP ya database yasintha, iwe wemwe walowa ngati root, mwini mphamvu zonse pa seva, seva ikukuyankha kuti "Operation not permitted", ndipo waiwala kalekale kuti loko unaika ndiwe. Ola lonse litha usanakumbukire lsattr, lamulo loonetsa lokoyo. Nanga ukakhala kuti wapita ku Malawi kumaliro, wina wakugwirira ntchito? Ameneyo adzakutukwana mpaka agogo ako. Komanso ukajambula image (kopi yathunthu) ya seva yokhomedwayo n'kupangira ina, yatsopanoyo imabadwa ndi dzina la mnzake mu hosts, cloud-init ikulephera kukonza.

Ena amaika manage_etc_hosts pa false m'kafayilo ka mu /etc/cloud/cloud.cfg.d/. Bola zimenezo. Chenjerani chabe kuti zimene zabwera kudzera mu user-data, malangizo amene mumapereka popanga seva, kapena vendor-data ya kampani yobwereketsa seva, zimaposa mphamvu zimene mwalemba mmenemo. Mutha kuika false, mawa n'kupeza yafufutanso.

Ine ndimalemba mzere wanga mu template momwemo. Cloud-init ipitirize ntchito yake, koma pokopera izikopera ndi zanga zomwe. Sitilimbana.

Dzina la seva lenilenilo ndi nkhani ina, anthu amaziphatikiza. Mukasintha ndi lamulo la hostnamectl, ikaninso setting ya cloud-init ya preserve_hostname pa true, apo ayi likhoza kubwerera lakale. Ndipo onani kuti mzere wa 127.0.1.1 mu hosts uli ndi dzina latsopanolo, kupanda kutero sudo, lamulo logwirira ntchito ngati root, izidandaula nthawi zonse kuti sikulidziwa dzinalo.

Chikundiyankhulitsa n'chakuti tintchito timeneti tachuluka. Microsoft anatsegula malo awo a maseva kuno ku Johannesburg mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, Google kunonso mu 2024. Ngakhale wa kashopu akufuna zake zikhale pa cloud, ndipo amaitana ife aganyu. Maseva akakwana anayi kapena asanu, ine hosts ndimaisiyiratu n'kuika mayina mu DNS, kaundula wa mayina amene maseva onse amafunsako, chifukwa kuyenda seva ndi seva kusintha mzere umodzi ndi ntchito yotopetsa pachabe. Koma kwa achimwene ajawa, a maseva awiri, template ikukwana.

Tsiku limenelo nditakonza sindinangonena kuti zatheka. Ndinaizimitsa dala kawiri, iwo ali pafoni akupuma mokweza, n'kutsegula fayilo kuona ngati mzere ulipo. Unalipo. Madzulo ananditumizira kathumba ka usipa kamene kanabwera ndi basi ya Lachisanu, ndalama akuti tikambirana kumapeto kwa mwezi.