Mwana akafuna zamalamulo kuno ku Joni, musamuthamangitsire digiri ya zaka zinayi

Makolo ndi achinyamata amene muli kuno ku Johannesburg, nyengo yofunsira malo ku yunivesite ikafika funso limakhala lomwelomweli: mwana akufuna uloya, kodi alowe LLB, digiri ya zamalamulo ya zaka zinayi, kapena ayambe ndi digiri ya BA yophatikiza zamalamulo ndi maphunziro a kakhalidwe ka anthu? Ambiri amawerengetsa fizi n'kusankha yaifupi. Ine maganizo anga ndi akuti kwa mwana wa Mmalawi, makamaka amene mapepala ake sanakhazikike, njira ya zaka zisanu ndiyo yabwino, ndipo chifukwa chachikulu chagona ku Home Affairs.

Njirayi imayenda chonchi. Zaka zitatu zoyamba mwana amachita BA yokhala ndi mitu iwiri ikuluikulu. Mutu umodzi ndi zamalamulo, wina amasankha yekha pakati pa Sociology, Politics, International Relations, Anthropology, Psychology ndi ina yotero. Akatsiriza amavala gauni, digiri yoyamba ili m'manja. Kenaka amalowa LLB, ndipo poti maphunziro oyambira monga lamulo la banja, malamulo oyendetsera dziko ndi milandu yaupandu anawakhoza kale, amaimaliza m'zaka ziwiri. Zonse pamodzi zisanu, madigiri awiri. Ku University of Johannesburg, ku Auckland Park, njira zonse ziwiri zilipo. Ku Wits, ku Braamfontein, analengeza mu 2014 kuti asiya kutenga ana ochokera ku matric n'kuwalowetsa LLB mwachindunji, ati ankafika kumapeto asanakhwime pa kuwerenga ndi kulemba. Kwa ife izi si zachilendo. Ku Chanco ku Zomba, kwa zaka zambiri, munthu amayamba waphunzira kaye zina asanalowe zamalamulo.

Tsono nkhani ya mapepala ija. Lamulo la Legal Practice Act la 2014, ndime 24, limati munthu wovomerezedwa ndi khothi kukhala loya m'dziko muno ayenera kukhala nzika ya South Africa kapena wokhala ndi permanent residence, chilolezo chokhala m'dziko muno mpaka kalekale. Anthu ochokera ku Lesotho ndi ku Zimbabwe amene anaphunzira konkuno, n'kukhoza zonse, anakatsutsa ndimeyi. Mlandu wake umadziwika ndi dzina la Rafoneke, ndipo mu Ogasiti 2022 Constitutional Court, ili pamtunda pomwepa ku Braamfontein, inagamula kuti lamulolo ndi lovomerezeka. Ndiye kuti mwana wa study visa, kapena amene makolo ake ali pa chilolezo cha ntchito chongowonjezera chaka ndi chaka, atha kukhoza LLB ndi mamalikisi apamwamba, koma pakhomo lomaliza amubweza. Ndipo khomolo silili pafupi. Pambuyo pa LLB pali zaka ziwiri zophunzira ntchito pansi pa loya, kapena chaka chimodzi ngati wadutsa kaye kusukulu ya miyezi isanu ndi umodzi, kuphatikizapo mayeso a mapepala anayi. Wofuna kukhala advocate amachita pupillage, kuphunzira ntchito pansi pa advocate wina, kwa chaka chimodzi. Ofesi ya maloya ikaona kuti munthu sadzavomerezedwa, kawirikawiri siyerekeza n'komwe kumulemba.

Apa m'pamene mutu wachiwiri uja umapulumutsa munthu. Amene ali ndi LLB yokha, zonse waika pa khomo limodzi. Amene ali ndi Sociology kapena Politics mpaka chaka chachitatu atha kupitiriza Honours ndi Master's, n'kulowa ntchito za kafukufuku, za ufulu wa anthu, za ubale wa mabwana ndi antchito, kapena za mabungwe a m'chigawo cha SADC, zomwe sizifuna kuti khothi likuvomereze. Chilolezo chogwirira ntchito chimafunikabe, chimenecho musadzinamize, koma makomo ogogoda amachuluka.

Ndisamveke ngati mutu wachiwiriwo ndi tayala la sipeya chabe. Malamulo a dziko lino kuyambira 1996 amakamba za nyumba, madzi ndi chipatala, ndipo milandu yake simungaimvetse osadziwa mmene anthu amakhalira. Taonani mlandu wa Mazibuko wa 2009, wa anthu a ku Phiri ku Soweto. Mzinda unkapereka madzi aulere malita 6,000 pa mwezi pa poloti iliyonse, poganiza kuti pamakhala anthu asanu ndi atatu, aliyense malita 25 patsiku. Koma aliyense amene anachitapo lendi kachipinda ka kuseri amadziwa kuti poloti imodzi imatha kusunga mabanja atatu kapena anayi pa mpopi umodzi. Mkangano wonse unali pa kuwerenga anthu ndi kudziwa kuti munthu amafuna madzi ochuluka bwanji. Anthu a ku Phiri anagonja pamapeto pake, komabe mlanduwo umaonetsa kuti loya wosadziwa kufunsa kuti nambala yachokera kuti amangomeza zimene wapatsidwa. N'chimodzimodzi milandu yotulutsa anthu m'nyumba zogumuka za m'tauni, monga wa Olivia Road wa 2008. Kwathunso nkhani za chikamwini, chitengwa ndi kulanda chuma cha masiye zimafuna munthu wodziwa mudzi, osati ndime za lamulo zokha.

Pali malo angapo amene ana amagwera. Oyamba ndi kulembetsa BA wamba poganiza kuti zamalamulo adzaziwonjezera m'tsogolo. Digiri yopanda mutu wa zamalamulo imatanthauza LLB ya zaka zitatu, zonse pamodzi zisanu ndi chimodzi, fizi ya chaka chathunthu yapita. Ena amaiwala kuti maphunziro a zamalamulo amakwerana ngati njerwa: ukalephera la chaka choyamba, sapu (mayeso obwereza) n'kukukananso, la chaka chachiwiri sulilowa, ndipo mutu wonse umabwerera m'mbuyo ndi chaka. Kulowa LLB pambuyo pa BA nakonso si kwa aliyense, amayang'ana mamalikisi, choncho za "bola 50" zija zimadzakulumani. Kusamuka yunivesite pakatikati n'koopsanso, chifukwa sukulu ina siikakamizidwa kuvomereza zonse zimene munakhoza kwina.

Koma cholakwika chimene chimandipweteka kwambiri ndi kusankha mutu wachiwiri chifukwa anzako akuti ndi wophweka. Kuti akutenge Honours nthawi zambiri amafuna mamalikisi a m'ma 65 kupita m'mwamba pa chaka chachitatu. Mwana amene anautenga ngati chongodzazira amatuluka ndi 54, ndiye kuti chaka chowonjezera chija analipira pachabe. Sankhani mutu wokhala ndi phunziro la njira zochitira kafukufuku, ndipo kaphunziro ka ziwerengero musakathawe. Kalembedwe kakenso n'kosiyana. Ku Sociology amafuna nkhani yaitali yokangana ndi maganizo a akatswiri. Ku zamalamulo amafuna utchule funso, lamulo lake, mlandu umene unagamulidwa kale, ndi mmene zikukhudzira nkhani ili patsogolo pako, basi. Ana ambiri a chaka choyamba amasokoneza ziwirizi, n'kumadabwa kuti awerenga usiku wonse koma mamalikisi sakukwera.

Za ndalama mwachidule. Mwana wa study visa NSFAS, thandizo la boma la fizi, siimukhudza. Pangano la SADC la zamaphunziro la 1997 limathandiza kuti alipire fizi ngati ya eni dziko, koma pamwamba pake pali ndalama ya ophunzira akunja, medical aid yolembetsedwa m'dziko muno, komanso gawo lalikulu la fizi limafunika asanalembetse. Visa imalola ganyu wosapitirira maola 20 pa sabata. Wochokera kumudzi ndi MSCE yokha sangalowe mwachindunji, afunika chikalata chomuloleza kulowa yunivesite chochokera ku Matriculation Board, chomwe kawirikawiri chimadalira A-Level kapena maphunziro ena apamwamba.

Amene mukuganiza kuti akakanidwa kuno adzangopita kumudzi kukatsegula ofesi, dziwani kuti malamulo a kuno maziko ake ndi Roman-Dutch pamene a kwathu anachokera ku England. Digiri yakunja iyenera kuwunikidwa, ndipo pali Malawi Institute of Legal Education ndi mayeso ake musanavomerezedwe. Funsani zimenezi mwana ali chaka choyamba, safunsa anadya phula.

Ndipo inu amene mwana wanu anabadwira konkuno, tulutsani chikalata chake cha kubadwa lero. Ndime 4(3) ya lamulo la unzika imalola mwana wobadwira m'dziko muno kwa makolo akunja, amene kubadwa kwake kunalembetsedwa ndipo wakhala muno mpaka zaka 18, kufunsira unzika. Mafomu a ku Home Affairs sayenda msanga, ndiye yambani akangokwanitsa zakazo, ndipo sungani malipoti a kusukulu ndi khadi la kusikelo monga umboni woti sanachokepo. Zaka zisanu za kuyunivesite zija zimapatsanso fayilo imeneyi nthawi yoti iyende mwana asanafike pofunsira ntchito kwa maloya.